ISAAC NEWTON, MDINDO WA NDARAMA ZA MFUMU

Isaac Newton anabadwa pa tsiku la Khirisimasi m'caka ca 1642, m'kamudzi ka Woolsthorpe ku England. Atate wace, amene anali mlimi, anamwalira iye asanabadwe. Ndipo amace atakwatiwanso, mwanayo analeredwa ndi agogo ace. Amace anafuna kuti akhale mlimi, koma mtima wa mnyamatayo unali pa mabuku. Cotero m'caka ca 1661 anamuka ku sukulu yaikuru ya Cambridge. Ndiye amene anazindikira kuti mphamvu yogwetsa cipatso pansi ndi yomweyo isunga mwezi m'njira yace.

Masiku amenewo dziko la England linali pa bvuto. Ndarama zinali za siliva, ndipo anthu onyenga anali kuzisenga m'mphepete, nasungunula zosengazo, nalemera nazo. Ndarama zinapepuka, mmphawi akalandira malipiro a thukuta lace, pa msika anali kumkanira.

M'caka ca 1696 Newton anaikidwa akhale mdindo wa nyumba yosuliramo ndarama za mfumu ku London. Ndarama zakale zinasungunulidwa, nizisulidwa zatsopano za muyeso wokwanira, zokhala ndi zizindikiro m'mphepete, kuti wosenga adziwike. Newton sanayesa nchitoyi yaing'ono. Analowa yekha m'ndende kukafunsa mboni, nalondola osula ndarama zonama kufikira mkuru wao, William Chaloner, anatsutsidwa pa mlandu nanyongedwa m'caka ca 1699. Caka comweco Newton anakwezedwa akhale mkuru wa nyumba yonseyo, nakhala pa udindowo kufikira imfa yace. Anali wowerenga Mau a Mulungu mwakhama, nalembanso za buku la Danieli ndi la Cibvumbulutso.

Anamwalira m'caka ca 1727, naikidwa m'chalichi ca Westminster Abbey, momwe anaikanso David Livingstone m'caka ca 1874. M'caka ca 2017 a ku Britain anasula ndarama ya mapeni 50 yolembedwa dzina lace. Inayenda m'manja mwa anthu wamba, ndipo ambiri oipeza anaisunga osagula nayo kanthu.

Abale, munthu amene anayesa njira za nyenyezi sanacita manyazi kuyesa khobidi la wosauka. Inu oyesa cimanga pa msika, ndi inu akuru a mpingo owerenga zopereka, muyeso wanu ukhale woona. Pakuti Mulungu aona mbale imene muyesera mnzanu.