HARRY MWAANGA NKUMBULA: MPHUNZITSI AMENE ANAKANA KUGULIRA PA ZENERA

Mwa atsogoleri amene analimbana ndi tsankho la khungu m'dziko la Northern Rhodesia, limene lero tilicha Zambia, ambiri anayamba agwira nchito ya uphunzitsi monga ife. Mmodzi wa iwo ndiye Harry Mwaanga Nkumbula, ndipo mbiri yace iyenera kudziwika m'masukulu mwathu.

Nkumbula anabadwa m'caka ca 1916 ku Maala, m'boma la Namwala, pakati pa Aila, anthu oweta ng'ombe m'cigwa ca Kafue. Anaphunzira m'masukulu a Mishoni ya Methodist, natsiriza Standard VI pa Kafue Training Institute mu 1934. Ataphunzitsa kwao zaka zowerengeka, anapita kukaphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe. Kumigodi kumeneko anaona kuti munthu wakuda, angakhale adziwe nchito cotani, sanali kuloledwa kugwira nchito zimene anaziika padera kuti zikhale za Azungu. Pambuyo pace anakaonjezera maphunziro ku Makerere m'dziko la Uganda, ndi ku London. Mu 1949, ali komweko, iye ndi Dr. Hastings Banda wa ku Nyasaland analemba cikalata cotsutsa maganizo a kulumikiza maiko atatu m'Citaganya.

Anabwerera kwao mu 1950, ndipo mu 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress, imene likulu lace linadzakhala ku Chilenje m'mzinda wa Lusaka. Kuti timvetse nkhondo yace, tiyambe taona makhalidwe a mzindawo. Lusaka anasanduka likulu la dziko mu 1935, ndipo pomangidwa anagawidwa potsata khungu. Azungu anakhala kumayadi, m'nyumba zazikuru za mipanda. Anthu akuda anapatsidwa tinyumba ku Kabwata ndi ku Chilenje, kenaka ku Matero. Boma linayesa munthu wakuda mlendo wodzagwira nchito cabe, woyenera kuyenda ndi citupa ndi kubwerera kumudzi nchito ikatha. Osowa nyumba anamanga zisakasa pa malo a eni mafamu, nalipira lendi mwezi ndi mwezi. Makomboni monga Kalingalinga, George ndi Chawama anayamba motero.

Cimene cinawawa anthu tsiku ndi tsiku cinali zenera. M'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda sanali kulowa pa khomo. Anali kuima pa mzere kunja, pa dzuwa kapena pa mvula, napereka ndalama yace pa kazenera ka m'mbali. Pogula nyama anali kulandira phukusi lokulunga kale, osaona cimene wagula, ngakhale ndalama yace inali imodzimodzi ndi ya Mzungu.

Mu 1953 Nkumbula anatentha pamaso pa khamu ku Lusaka cikalata ca Boma la Britain cofotokoza za Citaganya, naitanitsa masiku awiri a mapemphero kuti anthu asapite ku nchito. Anchito a kumigodi sanatsatire, ndipo Citaganya cinakhazikika caka comweco. Pamenepo Congress inatembenukira ku zenera. Mu 1954 anthu a ku Lusaka analeka kugula m'masitolo a nyama, ndipo amai a m'makomboni, amene ndiwo anali kufuna ndiwo za pa banja, anaima pafupi ndi masitolowo kubweza anzao. Ogulitsa anaphunzira kuti malonda ao anadalira anthu omwe anali kuwanyoza. Mu 1955 Nkumbula ndi mlembi wace Kenneth Kaunda, amenenso anali mphunzitsi, anamangidwa miyezi iwiri cifukwa copezeka ndi mabuku oletsedwa.

Koma anyamata a m'Congress anayamba kumuona ngati wofatsa mopitirira, ndipo mu 1958 Kaunda ndi anzace anapatuka. Mu 1960 panaikidwa lamulo loletsa tsankho m'mahotela, m'nyumba zodyera ndi m'nyumba za kanema. Pa cisankho ca 1962 palibe cipani cinapambana pa cokha, ndipo Nkumbula anasankha kugwirizana ndi cipani ca Kaunda, UNIP, osati cipani ca Citaganya. Motero panakhala boma loyamba la anthu akuda, iye nakhala nduna ya maphunziro a Aafrika. Ufulu utabwera pa 24 October 1964 anatsogolera otsutsa boma, kufikira pangano la ku Choma mu 1973, pamene analowa m'UNIP. Anamwalira pa 8 October 1983.

Zenera linatsekedwa kale, koma magawidwe a mzinda anatsala. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands tsopano kulowa ali yense amene ali ndi ndalama. Ku Kanyama, ku George ndi ku Chawama anthu akali othithikana, madzi abwino ndi osowa, ndipo dzinja likafika madzi amasefukira m'nyumba. Mliri wa kolera wa 2017 ndi 2018 unakantha kwambiri makomboni otere.

Aphunzitsi anzathu, ana ambiri amene tiwaphunzitsa kumidzi adzakakhala m'makomboni amenewa. Tiwaphunzitse kuwerenga cikalata asanasaine, kuwerengera ndalama zao, ndi kudziwa kuti m'sitolo, m'ofesi ndi m'bwalo la milandu malo ao olowera ndi pa khomo.