Bernardino Ramazzini, dokotala amene ankafunsa za ntchito ya wodwala

Mwezi uno mwayi wolemba mbiri wagwera ine. Ndasankha munthu wa kutali, wa ku Italy, amene anamwalira mu 1714. Musati anthu akwathu asowa ayi. Ndamusankha chifukwa cha malume anga, amene anabwera kuchokera ku migodi ya golide ku Joni akutsokomola. Anayenda m'zipatala zaka ndithu, kulandira mapiritsi a chifuwa n'kubwerera. Ine ndinkawaperekeza, ndipo sindinamvepo wina akuwafunsa kuti ankagwira ntchito yanji.

Bernardino Ramazzini anabadwira m'tauni ya Carpi mu 1633. Anaphunzira udokotala ku Parma, n'kumaliza mu 1659. Anayamba ntchito kumidzi ya kufupi ndi Rome, kumene malungo anamugwira mpaka anabwerera kwawo. Atachira anasamukira ku Modena, ndipo mu 1682 anayamba kuphunzitsa udokotala pa yunivesite ya kumeneko.

Nkhani yeniyeni inayambira kuchimbudzi. Eetu, kuchimbudzi. Ku Modena maenje a zimbudzi ankawapopa pamanja akadzaza. Tsiku lina munthu wa ntchito imeneyi anabwera kunyumba kwa Ramazzini, ndipo ankagwira mothamanga ngati akuthawa moto. Dokotalayo anamufunsa chifukwa chake. Atadzutsa nkhope, maso anali psuu! Munthuyo anafotokoza kuti mpweya wa m'dzenjemo umawotcha maso, ndiye kuchedwamo n'kudziitanira khungu. Pambuyo pake Ramazzini anayamba kuonetsetsa anthu osaona opemphetsa m'tauni muja, n'kupeza kuti ena a iwo kale ankagwira ntchito yomweyi.

Kuyambira pamenepo anayamba kulowa m'malo a ntchito amene madokotala anzake ankanyansidwa nawo. Ankakhala pansi ndi antchito n'kumamvetsera. Mu 1700 anatulutsa buku la m'Chilatini lotchedwa De Morbis Artificum Diatriba, lonena za matenda a antchito, ndipo mu 1713 analiwonjezera mpaka linakhudza ntchito zoposa 50. Muli okumba migodi, oumba mbiya amene ankadwala ndi mtovu, opera tirigu, okonza fodya, azamba, ngakhale alembi ongokhala pampando tsiku lonse. Za osema miyala analemba kuti m'mapapo a omwalira munkapezeka mchenga. Nditawerenga pamenepo ndinaika pepala pansi, chifukwa ndi matenda omwewo a malume, amene lero amatchedwa silicosis: fumbi la miyala limakakamira m'mapapo, mapapowo n'kuuma, ndipo TB imapezerapo mpata.

Chimene ndimamukondera kwambiri n'chimene ankaphunzitsa ana asukulu ake. Ankati dokotala akafika m'nyumba ya munthu wosauka asathamangire kugwira dzanja n'kulemba mankhwala, koma akhale kaye pansi, ngakhale pakampando ka miyendo itatu, ndipo pa mafunso akale a Hippocrates awonjezerepo limodzi, lofuna kudziwa ntchito ya wodwalayo. Funso laling'ono, losalira makina kapena ndalama.

Si zonse zimene analemba zinali zoona. Nthawi yake anthu anali asanadziwe tizilombo toyambitsa matenda, ndipo mankhwala ena amene ankapereka lero palibe angawayese. Koma maso anali nawo. Anaona, mwachitsanzo, kuti khansa ya m'mawere inkagwira kwambiri masisitere kusiyana ndi amayi ena.

Mu 1700 momwemo anaitanidwa kukaphunzitsa ku Padua. Atakalamba maso ake nayenso anafooka, koma sanasiye kuphunzitsa mpaka pamene anamwalira ndi sitiroko pa 5 November 1714, ali ndi zaka 81.

Mbewu yake inachedwa kumera. Panapita zaka pafupifupi 200 kuti mu 1910 ku Milan atsegule chipatala choona za matenda a pantchito okhaokha, motsogozedwa ndi Luigi Devoto. Lero ndi gawo la udokotala lapalokha: munthu amamaliza udokotala kenako n'kuphunziranso zaka zina za fumbi, phokoso, poizoni ndi malamulo a chipukuta misozi. Ku yunivesite ya Cape Town amaphunzitsa zimenezi. Kuno ku Tete tili ndi malasha ku Moatize, fodya ku Angónia, zigayo pamsika uliwonse, anyamata opopera mankhwala m'madimba a tomato pakamwa pali pululu. Madokotala otere tikuwafuna, ndipo ndikupempha akuwailesi kuti tsiku lina atiitanire mmodzi tidzamufunse tokha.

Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni wolipira okumba golide odwala silicosis ndi TB, kuphatikizapo a kuno ku Mozambique. Malume anali atatisiya kale. Mapepala awo a Wenela ndinawapeza m'sutikesi, njenjete zitadya theka.