Robert Stephenson ndi mlatho womwe udathyoka

Pa 24 Meyi 1847, sitima yonyamula anthu ikuwoloka mtsinje wa Dee ku Chester, m'dziko la England, mlatho udathyoka. Injini idafika kutsidya, koma mabogi adagwera m'madzi ndipo anthu asanu adafa. Mapulani a mlathowo adajambula ndi Robert Stephenson, injiniya yemwe Angerezi ankamudalira kwambiri pa za njanji.

Robert adabadwa mu 1803 ndipo mayi ake adamwalira ali wamng'ono. Bambo ake, a George Stephenson, omwe adadziwa kuwerenga atakula kale, adalimbikira kuti mwana wawo aphunzire. Khama lawo silidapite pachabe: mu 1829 injini ya Rocket, yopangidwa pakampani ya Robert, idapambana pampikisano wa ku Rainhill, ndipo ndiye adatsogolera ntchito yoyala njanji ya pakati pa London ndi Birmingham.

Nanga pa Dee padalakwika chiyani? Mitanda ya mlathowo idali ya chitsulo chosungunula n'kuthira m'chikombole. Chitsulo chotere chimapirira chikapanikizidwa, koma chikapindika chimathyoka ngati bisiketi. Tsiku la ngoziyo Robert adalamulanso kuti pamlathopo athirepo miyala poopa moto wochokera ku injini, zomwe zidangowonjezera katundu. Pakafukufuku iye adaumirira kuti sitimayo idayamba yachoka panjanji n'kuwomba mtanda, chonsecho mboni zidaona mtanda ukuyamba kuthyoka. Apa mkuluyu ankangoteteza mbiri yake basi.

Ngoziyi idadzutsa funso: kodi mlatho umamva kulemera kofanana sitima ikaima ndi ikamathamanga? Pulofesa Robert Willis wa ku Cambridge adayendetsa kangolo pamwamba pa zitsulo ndipo adapeza kuti liwiro limawonjezera kupindika, popeza chitsulo chikatsika kangolo kamatsika nacho, kenaka n'kuchikankhanso. George Stokes adalongosola masamu ake mu 1849. Lero mainjiniya amaika mawilo, masipiring'i ndi mlatho wonse m'kompyuta n'kuyendetsapo sitima mlathowo usanamangidwe.

Mlatho wake wa Britannia, womwe udatsegulidwa mu 1850, udali wa chitsulo chosula, ndipo sitima zinkadutsa m'kati mwake ngati mumpope. Udatumikira mpaka moto udauwononga mu 1970.

Robert adamwalira pa 12 Okutobala 1859, wopanda mwana, ndipo adaikidwa ku Westminster Abbey.