John Coltrane: ufulu wake adaukhetsera thukuta

Tsiku loyamba limene ndidamvera chimbale cha John Coltrane chotchedwa Ascension, ndidathamangira kukazimitsa wailesi poganiza kuti yatafuna kaseti. Malipenga ankangolira lililonse kwake, ngati oitanira minibasi pa depoti. Ndidati ayi, mkulu ameneyu mutu sunkayenda bwino. Koma nditaidziwa mbiri yake ndidachita manyazi. Ndiye lero ndati ndikambepo za iye, chifukwa nkhani yake ikutikhudza ife amene mawu oti ufulu sachoka pakamwa pathu.

Coltrane adabadwa pa 23 September 1926 ku Hamlet, m'chigawo cha North Carolina ku America, nthawi imene mwana wakuda kumeneko sankaloledwa kuphunzira sukulu imodzi ndi mwana wa mzungu. Bambo ake adali telala, agogo ake adali abusa. Ali ndi zaka 12 maliro adatsatizana pakhomo, agogo ake ndi bambo ake kutsikira kulichete m'miyezi yochepa chabe. Mnyamatayo adapeza pothawira pa kuimba. Mu 1943 adasamukira ku Philadelphia, kumene ankagwira ntchito pafakitale ya shuga uku akuphunzira lipenga la sakisofoni.

Mwayi udamugwera mu 1955 pamene Miles Davis, katswiri wa jazi, adamulemba m'bandi yake. Tsoka ilo, mnzathuyu adali atakodwa kale mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin. Mu April 1957 Davis adatopa naye n'kumuchotsa ntchito. Ambiri akadathera pompo. Iye adabwerera ku Philadelphia, n'kudzitsekera m'nyumba mpaka chibaba chidamutha. Chaka chomwecho adayamba kuimba ndi Thelonious Monk ku New York, kenaka Davis adamuitananso.

Apa ndiye ophunzira mutchere khutu. Coltrane ankayeserera lipenga maola ambirimbiri pa tsiku. Anzake akamapuma pakati pa zoimbaimba, iye ankalowa kuseri n'kumapitiriza. Zotsatira zake zidamveka mu 1960 mu nyimbo ya Giant Steps, imene imadumpha pakati pa makiyi atatu mwa liwiro loopsa. Mpaka lero ophunzira jazi amayesera mphamvu zawo pa nyimbo imeneyi.

Mu 1961 nyimbo ya My Favorite Things idamutchukitsa, mawailesi n'kumaiimba, chimbale n'kumayenda malonda. Inu a bizinesi mukudziwa kuti katundu akamayenda sumusintha, umangokaoda wina. Koma mkuluyu sadakhazikike. Adatengana ndi Eric Dolphy n'kuyamba kuimba nyimbo zitalizitali zosazolowereka, moti mlembi wina wa magazini ya Down Beat adawanena kuti akuwononga jazi.

Sikuti ankangoimba zam'mutu mwake osaona za anthu. Azungu atsankho ataphulitsa bomba patchalitchi china ku Birmingham pa 15 September 1963 n'kupha atsikana anayi, iye adapeka nyimbo yamaliro yotchedwa Alabama. Pa 9 December 1964 adajambula A Love Supreme, chimbale chothokoza Mulungu pomuwombola mu 1957 muja.

Tsopano tafika pa phokoso langa lija. Mu June 1965 adasonkhanitsa anzake khumi, iye wa nambala 11, n'kujambula Ascension, nyimbo imodzi yotenga mphindi pafupifupi 40. Amayamba ndi kachuni kakafupi, kenaka onse amaimbira limodzi aliyense mmene akumvera, n'kumapatsana mpata mmodzimmodzi. Chimene ine ndinkachiyesa chipwirikiti chidali ndi dongosolo lake, kungoti khutu langa lidali losaphunzira.

Walira mvula walira matope. Omutsatira ambiri adamuthawa. McCoy Tyner wa piyano ndi Elvin Jones wa ng'oma, amene adayenda naye zaka zingapo, adachoka m'bandi. Mkazi wake Alice ndiye adakhala pa piyano. Iye osabwerera m'mbuyo, ndipo dzina lake adaligwiritsa ntchito powatsegulira chitseko achinyamata monga Archie Shepp ndi Albert Ayler kukampani yojambula nyimbo ya Impulse.

Adamwalira pa 17 July 1967 ndi khansa ya m'chiwindi, ali ndi zaka 40 zokha. Pamaliro ake ku New York adaimba Ayler ndi Ornette Coleman, akamuna a jazi yopanda malire. Mu 2007, patatha zaka 40 ali m'manda, a mphoto ya Pulitzer adamupatsa ulemu wapadera.

Sindikunamizani, mpaka pano Ascension sindiimvera ndikudya nsima. Komabe ndidatolapo kanthu. Coltrane adaphwanya malamulo a nyimbo atayamba wawadziwa onse, ndipo mtengo wake adalipira yekha, osaloza munthu chala. Nanga ife bwanji? Mnyamata wangodziwa makodi atatu pa gitala, mawa akufuna chimbale. Wophunzira sadatsegule buku, koma akuti silabasi ndi yachikale. Mukawafunsa, ati ndi ufulu wawo.

Ufuluwo ngwanu ndithu, palibe akukulandani. Koma musanayambe kuimba zanuzanu, tadzifunsani kaye kuti mwakhala maola angati kuseri kuja mukuyeserera.