Martin Klaproth, Wosakaniza Mankhwala Amene Adatcha Chitsulo Dzina la Pulaneti

Mwana wa sukulu akafunsa kumene kudachokera dzina loti yureniyamu, chitsulo chija chimene chidayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009, mphunzitsi angachite bwino kuyamba ndi moyo wa Martin Heinrich Klaproth. Iyeyu adabadwa pa 1 Disembala 1743 ku Wernigerode m'dziko la Germany, ndipo bambo wake adali telala. Ku yunivesite sadapiteko. Adaphunzira ntchito yosakaniza mankhwala ku Quedlinburg, kenaka mu 1771 adasamukira ku Berlin. Nzeru zake adazitola pakati pa mabotolo ndi sikelo.

Mu 1789, pounika mwala wakuda wolemera wotchedwa pitchblende wochokera m'migodi ya ku Saxony, adapezamo chinthu chosadziŵika. Nthaŵi imeneyo nkuti akatswiri a zakuthambo akukanganabe za dzina la pulaneti limene William Herschel adalitulukira mu 1781. Herschel adafuna kulemekeza nalo Mfumu George III ya ku Britain, pamene Johann Bode wa ku Berlin adafuna kuti litchedwe Uranus. Klaproth adaima ndi Bode, natcha chopezacho dzina lochokera ku Uranus. Komatu chimene adali nacho m'manja sichidali chitsulo chokhachokha monga iye adaganizira; chidali chogwirana ndi okosijeni. Amene adachilekanitsa ndi Eugène Péligot, mu 1841.

Mu 1798 adatchanso china tellurium, kuchokera ku liu lachilatini lotanthauza dziko lapansi, koma adanena poyera kuti woyamba kuchipeza adali Franz-Joseph Müller. Njira yakeyi idatsatidwa ngakhale patapita zaka 150: zitsulo ziŵiri zotsatana ndi yureniyamu, zopezeka mu 1940 ndi 1941, zidatchedwa neptunium ndi plutonium, monga momwe Neptune ndi Pluto zilili kuseri kwa Uranus.

Chimene ife aphunzitsi tiyenera kuchiyang'anitsitsa ndi kalembedwe kake ka zotsatira. Ambiri a m'nthaŵi yake ankakonza manambala kuti akwane 100. Klaproth ankalemba zimene sikelo yaonetsa, pamodzi ndi zopereŵerazo, poti adadziŵa kuti m'zopereŵeramo mungabisale chinthu chatsopano. Ana athu nawonso amafufuta yankho la m'labotale likasiyana ndi la m'buku, ndipo kaŵirikaŵiri amatero poopa ife.

Mu 1810 yunivesite yatsopano ya Berlin idamsankha kukhala pulofesa wake woyamba wa kemisitiri. Adamwalira mumzinda womwewo pa 1 Januwale 1817.