Bambo Landell de Moura, wansembe amene anatumiza mawu popanda waya

Anthu ambiri akamva za chiyambi cha wailesi amatchula Marconi wa ku Italy. Koma ku Brazil, dziko lolankhula Chipwitikizi ngati Mozambique, amakumbukira wansembe wa Mpingo wa Katolika, Bambo Roberto Landell de Moura.

Bambo Landell anabadwa pa 21 Januwale 1861 mumzinda wa Porto Alegre. Anakaphunzira ku Roma, kumene kupatula za unsembe anaphunziranso sayansi, ndipo anadzozedwa m'chaka cha 1886. Atabwerera kwawo ankagwira ntchito m'maparishi, koma akapeza mpata ankadzitsekera m'chipinda chodzaza mawaya, mabatire ndi magalasi.

Nthawi imeneyo uthenga wakutali unkayenda pa waya. Ngakhale Marconi ankangotumiza zizindikiro za Morse, kulira kwakufupi ndi kwakutali koimira zilembo. Bambo Landell ankafuna mawu enieni a munthu. Pa 3 Juni 1900, mumzinda wa São Paulo, anaonetsa makina ake pamaso pa anthu, kazembe wa Britain ali pomwepo. Mawu anayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 8 popanda waya uliwonse.

Ulemu sanaulandire. Olemba mbiri yake amasimba kuti ku Campinas akhristu ena anathyola chitseko naphwanya zida zake, poganiza kuti wansembe wawo akulankhula ndi mizimu. Nkhani ya ufiti si ya kumudzi kokha ayi. Iye sanafooke. Mu 1901 boma la Brazil linam'patsa chikalata chotsimikiza kuti makinawo ndi nzeru zake, ndipo mu 1904 analandira zikalata zina zitatu ku United States. Koma atapempha boma la kwawo zombo ziwiri zankhondo kuti ayesere makinawo panyanja, anam'kaniza. Ndalama analibe. Anabwerera ku ntchito ya parishi mpaka anamwalira ndi chifuwa chachikulu ku Porto Alegre pa 30 Juni 1928.

Amene anasunga dzina lake ndi anthu otchedwa radioamadores, omwe amakhala ndi wailesi yolankhulira kunyumba osafuna phindu. Ku Brazil iwo amamutenga ngati nkhoswe yawo, ndipo mu 2012 dzina lake linalembedwa m'buku la ngwazi za dzikolo.

Ntchito ya anthuwa njosavuta kuimvetsa kwa aliyense wa ku Ulongwe, Domwe kapena Tsangano amene anatcherapo wailesi usiku n'kumva masiteshoni akutali amene masana samveka. Mafunde a wailesi amakwera kumwamba, kukagunda mpweya wa kutali kumtunda, n'kugweranso pansi kutsidya la nyanja. Motero munthu wokhala ndi makina aang'ono, batire ndi waya womangidwa pakati pa mitengo iwiri italiitali angathe kulankhula ndi mnzake wa ku Japan. Chofunika ndi kudziwa nthawi, makamaka m'bandakucha ndi chisisira, kuyeza bwino kutalika kwa wayayo, ndiponso kumvetsera kwambiri asanayambe kuitana. Mawu akamazimirira amagwiritsa Morse, chifukwa kulira kwake kumapyola phokoso. Akamvana amatumizirana khadi la umboni lotchedwa QSL. Bambo Landell anali akali moyo mu Novembala 1923 pamene Léon Deloy wa ku France ndi Fred Schnell wa ku United States anayankhana koyamba motere kudutsa nyanja ya Atlantic.

Dziko lililonse lili ndi zilembo zake zoitanira. Mozambique ndi C9, Malawi ndi 7Q, Zambia ndi 9J. Popeza m'maiko atatuwa anthu otere ndi ochepa, a ku Ulaya ndi America amachezera usiku kufuna kumva zilembozi, ndipo siteshoni imodzi ikamveka amaitana ambirimbiri nthawi imodzi.

Wailesi ya dziko la Mozambique inayambanso ndi anthu okonda makinawa. Mu 1932 iwo anakhazikitsa bungwe la Grémio dos Radiófilos ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, ndipo anayamba kuulutsa mawu mu Malichi 1933. Bungweli linadzatchedwa Rádio Clube de Moçambique, ndipo mu 1975 linalowa mu Rádio Moçambique.