Imam al-Ghazali: Mphunzitsi Amene Anasiya Udindo Kuti Mtima Udekhe

Abu Hamid Muhammad al-Ghazali (Allah awachitire chifundo) anabadwa cha m'ma 1058 ku Tus, dera lomwe lero lili m'dziko la Iran. Bambo awo anamwalira iwo ndi mng'ono wawo Ahmad akadali ana. Atakula anapita ku Nishapur kukaphunzira kwa Imam al-Juwayni, sheikh wamkulu wa mazhabu ya Shafi'i, yomwe ambiri a ife kuno ku Malawi timatsatira.

Mu 1091 nduna yaikulu Nizam al-Mulk inawapatsa udindo wophunzitsa pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad. Ophunzira pafupifupi 300 ankasonkhana kudzawamvera, akuluakulu a boma ankawafunsa nzeru, ndipo nthawi yotsala ankawerenga ndi kulemba mabuku. Aliyense ankawasirira.

Koma mu 1095 anadzifufuza ndipo anapeza kuti chimene chinkawakankha pa ntchito yonseyi chinali kutchuka, osati kufuna chiyanjo cha Allah. Kwa miyezi pafupifupi 6 anali pa nkhondo ndi mtima wawo: m'mawa aganiza zochoka, madzulo abwerera m'mbuyo. Kenako lilime linauma moti sankathanso kuphunzitsa, ngakhale chakudya chinkawavuta. Madokotala anaona kuti matendawo gwero lake linali mumtima.

Pamenepo anagawa chuma chawo, nasiyako chokwanira banja, udindo nausiyira Ahmad, n'kutuluka mu Baghdad. Ku Damascus ankakwera pa nsanja ya mzikiti waukulu n'kudzitsekera tsiku lonse akuchita zikiri. Anapitanso ku Jerusalem ndi ku Hebron, ndipo mu 1096 anachita Hajj. Pambuyo pake anabwerera kwawo ku Tus, komwe anakhala moyo wachete ndi ophunzira ochepa.

Zaka zimenezi sizinapite pachabe. M'menemo ndi momwe munachokera Ihya Ulum al-Din, buku la magawo 40 lomwe likuwerengedwabe m'madrasa mpaka lero. Mu gawo la swala akutiphunzitsa kuti thupi likhoza kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi pomwe mtima uli kumsika. Mu 1106 anavomera kukaphunzitsanso ku Nishapur: ntchito yomwe ija, koma niya yatsopano. Anamwalira ku Tus mu 1111.

Ophunzira athu, sitikunena kuti musiye sukulu. Imamu anadzipatula ataphunzira kale mozama, ndipo anabwereranso kukatumikira anthu. Koma taonani mmene tsiku lathu limathera kuno ku Mponela: kalasi, madrasa, ntchito za pakhomo, kuthandiza makolo pa fodya kapena pa malonda m'mbali mwa msewu wa M1, kukonzekera MSCE, kenako foni mpaka tulo. Swala timaiponya pakati ngati nkhuku yojompha chimanga.

Chikhalirecho mu mazhabu yathu tuma'nina, kudekha kwa ziwalo pa ruku ndi pa sijida, ndi nsanamira ya swala. Popanda iyo swala siitheka. Ndiye kuti kasanu pa tsiku Allah anatiikira kale nthawi yoima. Tiyambire pomwepo. Tikapereka salamu tisadzuke msanga. Tikhale kaye pa mkeka mphindi zochepa, foni ili kutali, tichite zikiri, ndipo tidzifunse funso lomwe linawaimitsa Imamu ku Baghdad: kodi zonse tikuthamangirazi tikuchitira ndani?